Mwayi wa Yusufu

Dunstan anagunditsa khadi pakamakina, loko inalira, njinga yachikasu n'kumasuka. Anaikankhira kwa Yusufu.

"Kwera, mphwanga. Lero ndi tsiku lako."

Njingazo khonsolo inali itangoziika m'misewu ya tauni ya Bolton, ku England, chaka chimenecho cha 2009, pofuna kuona ngati anthu angazikonde. Unkatenga pano n'kukasiya pamalo ena onga omwewa. Eni dziko ankangozidutsa. Ozikwera anali anthu ngati Dunstan, amene ntchito zawo zinali kumene basi sifika.

Yusufu anagwira mahandulo ndi manja onse awiri ngati akulandira khanda. Anali bambo wofatsa wa ku Balaka, ndipo viza yake inali itatha kalekale. Kuyambira nyengo yozizira ankagona pasofa m'nyumba ya Clara, namwino amene Dunstan ankakhala naye ngati mkazi wake. Clara ndiye anamulandira, atapemphedwa ndi mnzake wa kuchipatala. Ntchito Yusufu anali asanaionepo.

Dunstan anavula jekete yake n'kumuveka. Anamukoleka baji ya kuntchito m'khosi, khadi ya njinga n'kumuponyera m'thumba.

"Ukafika kufakitale ya masangweji, uvale kapu ndi chophimba pakamwa. Usalankhule zambiri. Kwa kapitawo wa kumeneko wakuda aliyense ndi Dunstan. Ine msana wandivuta, shifiti ya lero ndi yako."

"Achimwene, Mulungu akubwezereni," anatero Yusufu, maso ali pansi.

"Pita, ungachedwe."

Anamuyang'ana akupalasa kutsika ndi msewu, kudutsa nyumba zanjerwa zolumikizana, mpaka anakhota. Apo m'pamene Dunstan anaseka. Msana wake unalibe vuto lililonse.

Dzulo lake Clara anali atabwera ndi nkhani kuchokera kuchipatala. Mwamuna wa namwino mnzake ankayendetsa galimoto za a imigireshoni, ndipo anamva kuti m'mawa mwake a imigireshoniwo akagwira anthu opanda mapepala kufakitale ya masangweji.

"Mawa musapite, bambo. Mukhale m'nyumba," anatero Clara, akulankhulira kumbali chifukwa mlomo unali usanaphwe chiumenyereni Dunstan Lamlungu.

Dunstan anali ndi chifukwa choopera. Pempho lake loti akhale m'dzikomo ngati wothawa kwawo linakanidwa, apilo inakanidwanso, ndipo ku ofesi ya imigireshoni kumene ankayenera kumakasaina anasiya kupitako. Koma kungojomba kukanamutayitsa malo, poti ofuna ntchito anali mbwee pageti. Ndiye anaganiza: kuya kwa mtsinje suyesa ndi mwendo wako, umayamba waponyamo galu. Nkhaniyo ikakhala yabodza, Yusufu akamugwirira ntchito yaulere. Ikakhala yoona, sofa ipuma, mphika upuma, ndipo Clara asiya kuseka nthabwala za mlendo kukhitchini. Konsekonse iye wapambana.

Anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Clara anali atatuluka kale, yunifomu yake palibe pachitseko. Dunstan anathira tiyi, n'kukoka chikwama cha Yusufu kuseri kwa sofa. Anakhuthula zonse pansi. Nsapato zakuda zinamukwana ndithu. Malaya awiri anaika pambali. Chithunzi cha mayi wokalamba ndi tasibiya wopempherera anaponya m'bini. Munthu wokwezedwa ndege atamangidwa manja safunsa za katundu.

Kenako anaima pagalasi kuyeserera nkhope yachisoni yoti adzaonetse Amalawi anzake kutchalitchi. "Mwana uja ndinamuletsa, koma njala, abale, njala." Mawuwo anamukomera, moti anawabwereza kachiwiri, atagwira pachifuwa.

Dzuwa litakwera, kunamveka kugogoda. Dunstan anaganiza kuti ndi wina wa kufakitale wadzapereka uthenga. Anakonza nkhope ija n'kutsegula.

Pakhomo panali amuna atatu ndi mayi mmodzi, onse ovala zakuda, mabaji ali ng'aning'ani pachifuwa. Anatembenuka kuti athawire kuchitseko chakumbuyo, koma pagalasi la chitsekocho panali kale mthunzi wa munthu. Anabwerera pakhomo paja.

"Dunstan kulibe," anatero m'Chingerezi, lilime likulemera. "Ali kuntchito. Ine ndine mlendo chabe, dzina langa Yusufu."

Mayiyo anayang'ana chithunzi chimene anali nacho m'manja, n'kuyang'ana nkhope yake. Sanakweze mawu.

"Valani jekete, bambo Dunstan. Kunja kukuzizira."

Jekete analibe. Anatuluka ndi malaya okha, nsapato za eni zili kuphazi, aneba akusuzumira m'makatani. Akumukweza m'galimoto, mkwiyo unaposa mantha.

"Mwalakwitsa malo! Lero munayenera kupita kufakitale!"

"Fakitale iti?" anafunsa mayiyo akumumanga lamba. "Ife za fakitale sitikuzidziwa. Amene anatiimbira anati lero mukhala pakhomo tsiku lonse, nokha."

Galimoto inanyamuka. Mawuwo ankazungulira m'mutu mwa Dunstan osapeza potera. Pamaloboti a pafupi ndi paki galimoto inaima, iye n'kuponya maso pawindo.

M'kanjira ka m'pakimo munkayenda njinga ziwiri zachikasu, mogundana mapewa, mosafulumira. Pa ina panali Yusufu. Pa inayo panali Clara, wopanda yunifomu, atavala diresi lofiira limene Dunstan anali asanalionepo.