Makiyi Anali M'thumba mwa Alamu

Panali mayi wina, mphunzitsi, amene nkhani yake ndinaimva kwa mnzake wa kuntchito. Pa 3 Febuluwale, anthu anayi anaima pabwalo la nyumba yake atazungulira galimoto: mayiyo, mwamuna wake, mkulu wa mwamunayo, ndi makaniko. Mwamunayo ankapita kunja kukaphunzira kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo ankasiya mkazi wake ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Galimotoyo ankaisiya ndi cholinga chimodzi: kuti tsiku lochira likadzafika, mkazi wake adzafike kuchipatala msanga.

Inali ya haibulidi, yoyendera mafuta ndi magetsi omwe. Makaniko anafotokoza kuti ili ndi mabatire awiri, laling'ono lodzutsa galimoto ndi lalikulu loliza injini, ndipo onse amatha mphamvu pang'onopang'ono galimoto ikangokhala. Anati aziisunga pamthunzi, aziiliza kwa theka la ola pa masabata awiri alionse, ndipo akatha aziyenda nayo pang'ono. Anawonjezera kuti galimoto yotere ikafa, siikankhidwa ngati zakale zija. Mayiyo analemba zonse m'kope lake.

Patangotha sabata mwamuna atachoka, alamu aja, omwe ankakhala nyumba yoyandikana, anabwera kudzatenga makiyi. Anati mkazi wapabanja kumazungulira ndi galimoto mwamuna kulibe, anthu ayamba kuloza zala. Mayiyo anati ali ndi laisensi yakeyake, nawaonetsa zimene analemba m'kope muja.

"Mlamu, galimoto si mbuzi yoti izipita kubusa," anatero alamuwo akuseka. "Ine ndinayamba kugwira chiwongolero inu musanamere mano."

Anaikokera pakona padzuwa, naifunditsa lona wakuda, nasanja njerwa m'mbali. Mayiyo atamuimbira mwamuna wake, iye anangoti awamvere achimwene poti ndi aakulu, asayambitse phokoso iye ali kutali. Mayiyo anapempha kuti alamuwo aziiliza okha, iye osakhudza n'komwe. Alamu anayankha kuti mafuta sawotchera galimoto yoima. Mayiyo anapemphanso mu Epulo, napemphanso mu Juni. Ulendo wachitatu apongozi ake aakazi anamuuza kuti sukulu isamuchititse mwano, ndipo kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Kusikelo ankapita pa minibasi, akudutsa pafupi ndi galimoto ya m'nyumba mwake.

Pa 9 Sepitembala masana, matenda anayamba, ndipo anayamba ndi magazi. Anthu apafupi okhala ndi magalimoto anali onse kuntchito. Mayiyo anapempha kuti aitanitse takisi, koma alamu anafunsa kuti takisi yachiyani galimoto ili pakhomo. Anachotsa lona, nakhala pampando, nadina batani. Sipanayake ngakhale kanyali kamodzi.

Anathamangira kwa amisiri asanu amene ankamanga nyumba tsidya la msewu kuti adzakankhe. Mayiyo, atatsamira chitseko, ankanena motsitsa kuti siikankhidwa, koma palibe amene anamumva. Amuna asanu anakankha mpaka thukuta kamukamu, matayala osasuntha, chifukwa popanda magetsi giya inali itadzitsekera. Apa m'pamene alamu anamuimbira makaniko, ndipo mmodzi wa amisiri aja anaimbira ambulansi.

Makaniko anafika pa njinga yamoto ndi batire lina laling'ono. Atalumikiza, nyali zinayaka, koma injini inangoti zii. Anafunsa kuti inalira liti komaliza. Onse anayang'ana pansi.

"Lalikulu nalo latheratu," anatero makaniko. "Miyezi isanu ndi iwiri padzuwa, bambo? Ndinakuuzani muli pomwepa."

Ambulansi inafika patapita maola awiri chiyambire matenda. Madokotala anapulumutsa mayiyo. Mwana, wamkazi, anabadwa atamwalira kale, ndipo namwino ananena kuti akanafika ola limodzi m'mbuyomo, mwina zikanakhala zina.

Mwamuna anabwerako maphunziro asanathe. Achibale atasonkhana m'chipinda chochezera, anagwirizana kuti magalimoto amakono ndi achabechabe, ndipo wina anakumbutsa kuti amene anaisankha pogula ndi mkazi yemweyo. Za makiyi palibe anatchula. Mwamunayo anangogwira kumutu. Pochoka, alamu anatulutsa makiyi aja m'thumba, nawaika patebulo pafupi ndi chikwama cha zovala za mwana chimene chinali chisanamasulidwe, nati tsopano akhoza kumayenda nayo ikakonzedwa.

Mayiyo anawakankhira makiyiwo kwa alamuwo.

"Asungeni, alamu," anatero. "Ulendo umene ndinkaifunira unatha."

Phunziro: Galimoto ya haibulidi siisungidwa poitsekera ndi kuiiwala, musanapite ulendo wautali funsani makaniko, musiye makiyi kwa munthu amene adzatsatire zimene wanenazo, ndipo zinthu zikathina musataye nthawi ndi galimoto yakufa. Inu alamu, apongozi ndi amuna amene mumalanda mkazi makiyi a m'nyumba mwake poopa pakamwa pa anthu, abwezeni lero lomwe, ndipo zikalakwika muzivomera ndi pakamwa panu. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene akusiya galimoto, makamaka kwa iye amene ali ndi makiyi osakhala ake m'thumba.