Choko pa Penti Yaiwisi

Fakitale itagulitsidwa, holo ya kanema ya antchito anaigula bwana wa ku Lusaka kuti mabandi aziimbamo. Evaristo, amene ntchito inamuthera limodzi ndi anzake, anapezako ganyu. Mkazi wake Winfrida sanakondwe nazo.

Sabata yapitayo Ba Njobvu, kalipentala wamkulu, anathyokeredwa ndi mtanda wa denga la holoyo n'kufera pomwepo. Iwo ndiwo ankagogoda mitanda ndi hamala, wodyedwa ndi chiswe n'kuulemba choko. Atawaika m'manda, bwana analamula kuti zolembazo azipake penti, poti konsati inali Loweruka.

Lachinayi dzuwa litalowa, Winfrida anabereka mwana wawo Favour kumsana n'kukamuperekera mwamuna wake tochi. Atangolowa anamva hamala kudenga. Go. Go.

"Bashi Favour, mugogoda chani mumdima?"

"Sindine," anayankha Evaristo ali pamwamba pa makwerero, burashi m'manja. "Nasala neka. Osaunika kumwamba."

Winfrida anaunika. Pa penti yaiwisi, mitanda inayi yotsatizana inali ndi choko chatsopano. Kugogoda kunkabwera kumene kunali awiriwo, mtanda ndi mtanda, mosafulumira.

Winfrida anamukodola kuti atsike. "Selukani manje manje! Mufuna nilele neka mwana chifukwa cha dansi ya ba bwana?"

"Nikaseluka, mailo m'mawa bazaitana wina. Muzadya chani?"

Kenako hamala inagunda kamodzi pa mtanda umene makwerero anatsamira, ndipo fumbi la chiswe linayoyokera paphewa pa Evaristo.

Iye analikutumula, naviika burashi m'chitini.