Kapampu ka Jumana

Mzere unali utafika kale pa ngolo ya khofi ya a Subhi pamene Nadim anatulukira pachipata cha asilikali, thukuta lili kamukamu, dzanja lili m'thumba la jekete. M'thumbamo munali kapampu kabuluu, kaja anthu a mphumu amapopera m'kamwa. Jumana, mwana wake mmodzi yekhayo, anakaiwala patebulo pothamangira kusukulu. Sukuluyo inatsalira kutsidya kwa khoma lalitali limene asilikali anamanga, pamodzi ndi ntchito za azibambo, minda ya azitona ndi manda a mudzi wonse. Mwana wa mphumu m'nyengo ya fumbi, popanda kapampu, sachedwa kubanika.

Ana asukulu ali ndi kanjira kawo kapambali, ndipo amadutsa msanga asilikali akadzuka bwino. Akuluakulu ndiwo amalowa m'khola lazitsulo, phewa ndi phewa ngati mbuzi za pamsika, aliyense ndi jumbo yake ya buledi ndi tomato. M'kholamo mulibe chibale. Munthu amene munadyera mbale imodzi dzulo atha kukuthyola nthiti lero, chifukwa bwana wa kutsidya sadikira munthu.

Koma a Subhi atamuona Nadim anaika ketulo pansi.

"Apatseni njira bambo a Jumana!" anafuula.

Misana inapatuka. Wina anamugwira paphewa, ena anangoyang'ana pansi. Bambo mmodzi yekha, wachilendo pachipatapo, ndiye anadandaula.

"Kodi ife tabwera kudzaonera mpira? Achimwene, mzere umayambira kumbuyoko!"

Raji, mmisiri wa matailosi, anamugunda ndi chigongono. "Tseka pakamwa iwe, wabwera dzulodzuloli. Anyamula mankhwala a mwana awa."

Nadim sanathokoze aliyense. Anali kalikiliki ndi chala chake. Tsoka la amisiri omanga lili pa chala: simenti imadya timizere take, ndipo makina a asilikali sawerenga chala chosalala. Chitupa chingakhale chabwinobwino, koma kagalasi kakayaka kofiira, basi, bwerera kwanu. N'chifukwa chake amisiri amayenda ndi kabotolo ka mafuta a azitona, opaka chala asanafike pa makinawo. Koma Nadim ankanyanya. Anasiya kugwira simenti ndi dzanja lamanja, ndipo chalacho ankachikulunga m'kansalu ka mafuta ngati bala. Amuna a m'khola lija amaseka chilichonse, ngakhale dazi la mnzawo, koma chala cha Nadim palibe ankachiseka.

Chitseko chozungulira chinalira, nichimeza anthu angapo, kenaka chinauma gwa, Nadim ali pakamwa pake penipeni. Palibe amene amauzidwa chifukwa chake chaima. Mwina msilikali akumwa tiyi, mwina wangotopa ndi nkhope zathu. Mphepo inakweza fumbi kuchokera kumsewu. Kutsidya, pakati pa phokoso la maminibasi, Nadim anamva kamwana kakutsokomola, chifuwa chouma chija chomaliza ndi kamluzu. Anagwira zitsulo n'kuzigwedeza.

"Pepani, dekhani," Raji anamunong'oneza kumbuyo. "Mukagwedeza atseka tsiku lonse. Mudutsa, Mulungu akalola."

Chitseko chinamasuka. Nadim anavula lamba, naika chitupa ndi kapampu m'kabeseni kopita m'makina. Kuseri kwa galasi lochindikala kunali msilikali wamkazi, wamng'ono msinkhu, akutafuna chingamu. Anatola kapampuko, nakakhutchumula pafupi ndi khutu, nayang'ana zilembo zake zofufutika. Anakweza mapewa n'kukaponyanso m'kabeseni.

"Chala," anatero pa chimkuzamawu.

Nadim anamasula kansalu, nakanikiza chala pa kagalasi. Kofiira. Anachipukuta pa malaya, nayikanso. Kofiira. Anayang'ana msilikali uja kuseri kwa galasi. Mantha a kagalasi kofiira ankawadziwa bwino, ndipo sankachepa.

"Chonde mayi, ndi mwana wanga," anatero. "Mpweya umamuthawa. Sukulu yake ndi iyo, denga lake mukuliona."

Msilikaliyo sanamve, kapena sanafune kumva. Anangoloza kagalasi ndi cholembera. Nadim anatsegula kabotolo ndi mano, nadonthezera mafuta pachala, nawatikita pang'onopang'ono uku akutchula dzina la Mulungu. Anachigoneka pa kagalasi mofatsa, monga momwe ankagonekera Jumana akadali khanda.

Kobiriwira.

Lamba anamusiya momwemo. Anatola kapampu n'kuliyatsa liwiro, thalauza atagwirira ndi dzanja limodzi. Kumbuyo anamva amuna akupumira pamodzi, ndipo mlendo uja akufunsa Raji chinachake motsitsa mawu.

Belu la sukulu linali kulira. Atsikana a mayunifolomu amizeremizere ankathamangira m'makalasi, zikwama zikuwamenya pamsana. Mayi Hiyam, mphunzitsi wa Jumana, anali pageti. Atamuona Nadim anaphimba pakamwa ndi mpango wawo, natembenukira kukhoma.

Nadim sanalowe pagetipo. Anazungulira kuseri kwa sukulu, nakwera kamtunda ka mitengo ya azitona, nagwada ali wefuwefu.

"Ndabwera nako, mwanangu," anatero. "Lero chala chawerengeka."

Anaika kapampu pa kamwala koyera, napukuta fumbi pa dzina la Jumana ndi chala chamafuta chija. M'mawa womwe mwanayo anakaiwala, dzinja lapitalo lisanayambe, kagalasi kanayaka kofiira mpaka masana, ndipo Jumana anabanika nafera m'kalasi maso ali pageti. Nadim anakhala kaye pamandapo, kenaka anabweza kapampu m'thumba kuti mawa adzakabweretsenso, mwina adzafika msanga.