Basi Imodzi ya Mayeso

Mwala woyamba unaswa galasi lakutsogolo. Dalaivala anagwira diso, magazi n'kumadontha pakati pa zala zake.

Chiphatikizireni mayunivesite awiri a m'tauni muno, mayeso onse ankalembedwa kunthambi yaikulu, kutsidya kwa tauni, koma basi inali imodzi yokha. M'mawa umenewu inali itadzaza kale thothotho, ndipo ophunzira otsala panja ankaigwedeza kuti aigubuduze.

Mayi woona za ophunzira anaima pakhomo la basiyo atatambasula manja.

"Ana anga, ibweranso kudzakutengani!"

"Bodza!" khamulo linakuwa. "Dzulo munateronso, tinakapeza atatseka holo!"

Wina anamukoka bulauzi mpaka kung'ambika. Mwala wachiwiri unamupeza pachipumi, ndipo anagwada pasitepe. Atapukuta magazi m'maso anamuona woponyayo. Anali mwana wa achimwene ake, mtsikana yemwe anamuphikira tiyi m'mawa womwewo. Cholembera chinali chotsomeka m'tsitsi, m'manja atanyamula kale chibenthu cha njerwa.

"Azakhali," anatero mtsikanayo, mkono osautsitsa, "chokanipo pakhomopo."

Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, nagwiritsa chitseko ndi manja onse awiri.