Khomo la Kachisi wa Amwenye

Mgodi utatsekedwa, ndinapeza ntchito yosesa pakachisi wa Amwenye. Wansembe, a Trivedi, ankandiuza kuti, "Ba Fridah, pozungulira, kachisi azikhala kudzanja lamanja. Khomo lake n'limodzi, loyang'ana kum'mawa." Ine phwete kuseka. Nyumba nayonso kuilemekeza ngati apongozi?

Tsiku lina kutada, ndikuthamanga ndi mankhwala a mlongo wanga Petson, amene chifuwa chakumgodi chinamugoneka, ndinadulira pakachisipo, kachisiyo ali kudzanja langa lamanzere. Ndinadutsa khomo lija. Nditakhota pakona, ndinalipezanso. Nditakhotanso, linali lotsegula pang'ono, ndipo pamasitepe panali majombo akumgodi, onyowa, oikidwa bwinobwino. Belu linalira m'kati.

"Vulani nsapato, ba sisi, mulowe," anatero Petson m'katimo, osatsokomola n'komwe.