Ulusi wa Kangaude Wonyamula Kuwala

Padangokhala, tili tonse, Kangaude ankaluka ulusi wonyamula kuwala kwa dzuwa kupita nako kumauna a tizilombo ta pansi. Koma ulusi ukaduka n'kuulumikiza, kuwala kunkathawira pa mfundo. Anavutika zaka zambiri mpaka anatulukira nzeru: osamanga mfundo, koma kudula nsonga ziwirizo mosalala n'kuzilowetsa m'kaphesi ka udzu kuti zigundane. Kuwala kunadutsa.

Birimankhwe ataona, anayamba kupanga zolumikizira zake. Kangaude anakasuma kwa Kadzidzi, woweruza wa m'mphako ya mlambe, momwe munali mafupa a mbewa ali mbwee.

"Wandibera nzeru," anatero.

"Nzeru yanji?" Birimankhwe anatembenuza diso limodzi. "Udzu unalipo kale, ulusi unalipo kale. Ngakhale mwana akanaganiza zimenezi."

Kadzidzi anaitana Nkhululu n'kumuonetsa cholumikizira chopangidwa kale. "Kodi ichi n'chovuta?"

"Iyayi, wawa, n'chapafupi."

"Mukanamufunsa asanachione!" Kangaude anakuwa. Koma mlandu unali utatha, ndipo Kangaude anasiyira Birimankhwe ntchitoyo.

Dzinja litafika, timapesi tinaola. Birimankhwe anasintha maanga ake onse, koma nzeru yatsopano sinabwere. Kumauna kunada bii, ndipo pansi pankamveka ana akuitana amayi awo osawaona.

Tizilombo tinapita kukapepesa. Tinamupeza Kangaude ali duu pakati pa ukonde watsopano.

"Lowani," ananong'ona. "Njira yake ndi yapafupi, ngakhale mwana angaione."

Nkhululu ndiye anayamba kulowa, ndipo sanatulukemo. Mpaka lero ulusi wa Kangaude sunyamula kuwala. Umangodikira.