Buku Loyambira pa Maliro

"Tandiwerengera tsamba loyamba," anatero bambo ake a Olivia, akudzikoka pabedi kuti atsamire khoma.

Buku lakelo Olivia analiluka chobwerera m'mbuyo, luso limene aphunzitsi ake ku yunivesite analiombera m'manja. Nkhani imayambira pa maliro a telala wa ku Ndirande, n'kumatsika zaka mpaka munthuyo ali mnyamata. Koma ku yunivesiteko kunalibe telala wodwala. Kuno analipo, wowonda ngati singano, makina ake osokera atafunditsidwa chitenje pakona. Ndipo munthu wamoyo samukonzera maliro. Azakhali ake atamva, dzina loti mfiti silingamuchoke.

Olivia anasolola pepala la pansi penipeni.

"Mnyamatayo anatsika sitima pa Limbe, atasenza makina pamutu..."

"Iwe." Mawu awo anali ofooka koma akuthwa. "Maso angawa sanafe. Pepalalo walichotsa pansi."

"Adadi, masiku ano mabuku ena amayambira pakati, ena kumapeto. Ndi luso chabe."

"Luso? Amayi ako anaona tsamba la malirolo pokolopa kuchipinda kwako. Akumakalirira kubafa kuti ndisawamve."

Panja minibasi inaliza hutala, kondakitala akuitanira opita m'tauni.

"Ndiling'amba, adadi. Lero lomwe."

"Ung'ambe chiyani?" Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anatsinzina. "Bweza pepalalo. Yambira pamwamba, ndipo usadumphe mzere. Ndikufuna ndimve suti imene mwandiveka. Ikakhala ya pa kaunjika, ine ndi iwe tiyambana."